Nsalu ya Pachifuwa cha Rhoda

Chaka chimene mphekesera ya anamapopa inafika kwa Kabudula, anthu a m'mudzi mwa Rhoda anasiya kukhulupirirana. Nkhaniyo inachokera kutali, ikudumpha pa foni ndi pa foni, ndipo pofika pa Nsaru inali itanenepa kale. Eti kukuyenda anthu achilendo ndi timapaipi, akakufaira mankhwala iwe n'kulefuka, iwo n'kukupopa magazi mpaka kuuma. Wowaona ndi maso ake panalibe, koma aliyense anali ndi msuweni amene mnzake anawaona, ndipo kwa anthu amantha umboni umenewo ndi wokwanira. Anyamata anaunjika miyala ndi zipika pamsewu, n'kumaimitsa aliyense wodutsa, ngakhale wogulitsa tomato amene anaweta naye mbuzi ali ana.

Wolamula anyamatawo anali Goliati, mlongo wake wa Rhoda, wamkulu kwa iye ndiponso mwini mbumba. Anali munthu wolimbikira kumunda, wosamwa mowa, woimba besi kutchalitchi. Mlongo wakeyo ankamukonda kwambiri, koma chikondi cha Goliati chinali ndi zibakera. Mayi awo atamwalira ndi chilonda cha pabere chomwe chinkanunkha mpaka panja, Goliati sanalire ngati anzake. Anakafuna wolakwa amene anawalodza, nam'peza mwa nkhalamba ina ya tsidya la dambo, namuthyola nthiti ndi mpini wa khasu. Rhoda anali mtsikana panthawiyo, ndipo kulira kwa nkhalambayo sanakuiwale.

N'chifukwa chake iyenso atamva kanthu kolimba m'bere lake lamanzere sanauze mlongo wake. Anauza mwamuna wake yekha, Obadiya, mkamwini wofatsa amene ngakhale nkhuku ankaipempha kuti ichoke pakhomo. Kumudzi anangoti akupita ku Chitedze kukathandiza mwana wawo Thandiwe amene anali ndi khanda. Anakhalako miyezi. Pobwera anali wowonda, mpango sunkachoka kumutu, ndipo m'kamisolo mwake, kumanzere, munali kansalu kopindapinda kamene ankakakonza m'mawa uliwonse atatseka chitseko. Bere analisiya kuchipatala chachikulu cha m'tauni. Manyazi analipo, inde, koma chachikulu chinali mantha akuti Goliati akadziwa, wina m'mudzimo athyoka nthiti.

Kuchipatalako kunali namwino wina dzina lake Febe, wa ku Mpingu, wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Iye ndiye anam'fotokozera Rhoda zimene madokotala ankanena mothamanga.

"Chotupa achichotsa, mayi, koma khansa ili ngati kaufiti. Mutazula wooneka ndi maso, njere zake zimatsala m'nthaka. Timaselo take tina timathothoka n'kumayenda m'magazi, tina timakabisala m'mafuta a m'mafupa, n'kugona phee zaka ndi zaka. Pali kafukufuku wofufuza timeneti. Tikatipeza msanga, timadziwa kuti nkhondo sinathe."

"Nanga mukapanda kutipeza?"

"Ndiye inu mudzavina, ine ndidzakuimbirani m'manja."

Rhoda anavomera. Anamubaya pamkono kangapo, ndipo ulendo womaliza anamugoneka chafufumimba n'kumuboola fupa la m'chiuno ndi chisingano chimene anachimva mpaka m'mano. Kuyambira tsikulo mtima wake unali pa funso limodzi lokha: kodi m'mafupa mwanga muli njere kapena mulibe? Akamasankha fodya m'chigafa ankalifunsa. Akamaimba ndi amayi a chigwirizano ankalifunsa. Msana ukangoti tsuu pang'ono, ankati basi, zadzuka.

Tsoka lake, maso a anthu a kumudzi sagona. Mkazi wa Goliati anaona mabala a singano pamkono pa Rhoda tsiku lina akupeta mtedza, naonanso kuti akuyenda motsimphina. Madzulo ake Goliati anafika pakhomo, nakana mpando.

"Mlongo wanga, ku Chitedze kumene umapitaku amakuchita chiyani?"

"Palibe, achimwene. Ndi malungo chabe, anandibaya jakisoni."

"Malungo obaya m'chiuno? Taona mmene watheramu. Akukupopa iwe, ndipo amakupusitsa ndi mankhwala kuti usamadziwe." Anatembenukira kwa Obadiya. "Inu alamu, munabwera pano kudzasamala mlongo wanga kapena kudzangodya? Kuyambira lero ameneyu asakwerenso minibasi. Ndawauza kale anyamata pamsewu."

Obadiya anayang'ana pansi n'kunena kuti wamva. Rhoda anatsegula pakamwa, mawu anafika pammero, koma anaona mlongo wake atakunga zibakera, nawameza. Tsiku lake lopita kuchipatala linafika n'kudutsa iye ali pakhomo.

Febe anaimba pa foni ya Obadiya. Anati zotsatira za m'mafupa zatuluka, koma nkhani zotere sanenera pa foni, komanso pakufunika magazi ena oti ayerekeze ndi oyamba aja. Anati maulendo a kumidzi awaimitsa chifukwa cha mphekeserazi, komabe iye Loweruka akupita kwawo, ndipo akhoza kudzera.

"Ine ndine mwana wa konkuno, mayi. Ndani angandiyese mlendo?"

Apa ndi pamene Rhoda analakwitsa, ndipo analakwitsa mochenjera, monga amachitira anthu amene abisa chinthu nthawi yaitali. Anam'pempha Febe kuti asavale yunifolomu. Anati asabwere pa galimoto, akwere njinga yamoto pa Nsaru. Anati asadzere pamsewu wotsekedwa ndi miyala uja, adzere kanjira ka kudambo, ndipo asafike pakhomo, alowe m'chigafa kuseri kwa nyumba. Chilichonse chimene chikanaonetsa anthu kuti uyu ndi namwino, Rhoda anachichotsa ndi pakamwa pake.

Lowerukalo kunacha bwino, kopanda mtambo. Anthu ambiri anali m'minda kukumba mtedza. Dzuwa litakwera, Febe anatulukira kudambo atavala chitenje ngati mayi wina aliyense, m'manja muli chikwama cha kumsika. Wa njinga yamoto, Amon, anaima pansi pa mtengo wa mango chapatali, chipewa chake chachitsulo chili kumutu. Obadiya anaikidwa pakona pa nyumba kuti azilondera, ntchito imene inamuyenera ngati mmene ingayenerere mwana wa nkhosa.

M'chigafa munali kamdima ndi fungo la fodya wouma. Febe anakhala pa mtolo wa mapesi, natulutsa m'chikwama kabokosi koziziritsa, magolovesi ndi timabotolo.

"Anesi, ndiuzeni kaye," anatero Rhoda.

"Ndikakuuzani kaye muyamba kudumphadumpha kapena kulira, mtsempha n'kundithawa. Tambasulani mkono, tithane ndi izi, kenako tikhale pansi bwinobwino ngati anthu."

Ankamwetulira ponena zimenezo, koma Febe ankamwetulira nthawi zonse, ngakhale masiku amene ankamutsuka bala kuchipatala, choncho Rhoda sanatolepo kanthu. Anatambasula mkono, natembenuzira nkhope kumbali, natsinzina, pakuti singano sankafuna kuiona. Anatsamira nsanamira. Magazi anayamba kulowa m'kabotolo.

Ndi mmene anawapezera mkazi wa Goliati, amene anadzera kuseri kudzabwereka lichero. Anasuzumira pakati pa masamba a fodya, naona mlendo wa manja oyera ngati a mzukwa atagwira mkono wa mlamu wake, kapaipi kofiira kakutuluka pamkonopo, mlamuyo ali lefuu, maso otseka. Mayiyo anakuwa mfuu imene inamveka mpaka kudambo.

"Anamapopa! Mayo, amupha Rhoda! Anamapopa kuno!"

Wezulo inalira kumsewu, ina inayankha kumunda. Anthu anatuluka paliponse, makasu ali m'manja, dothi la mtedza lili kumapazi. Amon ataona chikhamu chikubwera anayesa kuliza njinga, inakana, naitaya n'kulowa m'mapesi chipewa chili kumutu. Kuthawa kwakeko kunamaliza mlandu. Wosalakwa amathawiranji?

Febe anangokwanitsa kuzula singano ndi kukanikiza thonje pamkono pa Rhoda. Manja anamugwira tsitsi kuchokera kumbuyo, namukokera panja chagada, mikangala yopachikapo fodya ikugwa pamwamba pake. Obadiya anathamanga atakweza manja, akuti, "Abale, abale, tamverani," wina namupatsa chibakera pakamwa, nakhala pansi.

Rhoda anadzuka kuti atsatire, koma amayi anamugwira. Anali anzake a chigwirizano, amene ankakhala nawo benchi limodzi. Anamukumbatira mwamphamvu, wina akumupukuta nkhope, wina akuthokoza Mulungu mokweza.

"Mwapulumuka, amake Thandiwe! Khalani pansi, mwapulumuka!"

"Ndisiyeni! Ndi anesi anga amenewo! Ndawaitana ndine!"

"Mwamva? Mankhwala awo amuzunguza mutu. M'gwireni bwino."

Akamakuwa kwambiri, m'pamene ankamugwiritsitsa. Pakati pa mapewa awo ankaona bwalo la pakhomo pake, pamene ankayanika mphale, litadzaza miyendo. Febe anali atagwada pakati, chitenje chitamasuka, manja ali m'mwamba, magolovesi akadali m'manja.

"Ndine namwino, abale anga! Ndine wa ku Mpingu, bambo anga ndi a Goodson, mkulu wa mpingo! Imbani foni mufunse!"

Mnyamata wina anatuluka m'chigafa atanyamula kabokosi kaja, nakakhuthula pansi anthu onse akuona. Munagwa timabotolo, singano zomata m'mapepala, ndi kabotolo kamodzi kodzaza magazi a Rhoda, kakadali kofunda. Khamu linabuula ngati munthu mmodzi. Wina anakaponda ndi chidendene, magaziwo namwazika m'fumbi.

Duka la njerwa linachokera kumbuyo n'kumupeza Febe pamwamba pa khutu. Anagwa chammbali. Pamenepo aliyense anafuna kuponyapo dzanja, kuti mawa adzanene kuti analipo. Nsungwi zinatsika, mipini inatsika, zidendene zinatsika. Mayi wina wokalamba amene ankayenda ndi ndodo anadzikoka mpaka kutsogolo kuti nayenso amenyeko. Febe anayamba wateteza mutu ndi manja, kenako dzanja limodzi linagwa mopindika molakwika, ndipo anasiya kukuwa. Kumtengo wa mango anyamata anali atagwetsa njinga ya Amon, akukhetsera petulo m'chigubu.

Goliati anafika mochedwa, kuchokera kumiyala yake ya pamsewu, thukuta lili chuchuchu. Anthu anamupatsa njira. Anayang'ana mlongo wake ali m'manja mwa amayi, magazi akutsika pamkono pomwe thonje linagwa, ndipo nkhope yake inachita ngati ya mwana amene akufuna kulira. Kenako inauma. Analanda mpini kwa mnzake.

"Achimwene, ayi! Achimwene!"

"Usaope, mlongo wanga. Ndafika."

Anamenya Febe kamodzi, pamutu, ndi mphamvu za munthu wogwetsa mitengo. Phokoso lake Rhoda analimva m'mimba. Wa chigubu uja anafika nayamba kuthira petulo pa chitenje cha Febe, pamsana, patsitsi. Fungo linadzaza bwalo. Anthu anayamba kufunsana machesi, akusisita m'matumba, ndipo mwa chisomo chokha osuta onse anali atawasiya kumunda. Wina anathamangira kukhitchini kwa Rhoda kukapala moto.

Rhoda analuma. Analuma dzanja la mayi amene ankamupukuta nkhope mpaka mano anakumana ndi fupa, mayiyo nakuwa n'kumusiya. Anagwetsa wina ndi chigongono, nadutsa pakati pa miyendo ya anthu chokwawa, naimirira pakati pa Febe ndi mlongo wake. Mawu anali atamukanika kale, anthuwa sankawamva. Anagwira bulauzi yake pakhosi ndi manja awiri naing'amba mpaka pamchombo. Anakoka kamisolo. Kansalu kopindapinda kaja kanagwa pansi.

Mkazi wamkulu savula pamaso pa mlongo wake. Zimenezo ngakhale woledzera amazidziwa. Amuna ena anatembenuka msanga, ena anaphimba kumaso. Koma Goliati sanathe kutembenuka, chifukwa chimene anaona sichinali chimene ankaopa kuona. Kumanja kunali bere la mayi woyamwitsa ana anayi. Kumanzere kunali chifuwa chosalala ngati cha mwamuna, ndi chipsera chachitali chokwinyika, chochokera pakati mpaka kukhwapa.

"Yang'anani, achimwene. Musathawitse maso, yang'anani! Matenda a amayi aja ndi awa. Anandigwira inenso. Palibe anandilodza, palibe anandipopa. Anandidula kuchipatala kuti ndisaole ngati mmene anaolera amayi, ndipo amene ankanditsuka bala ili, amene ankandigwira mutu ndikamasanza, ndi uyu mwamuphwanya mutuyu. Ndinakubisirani chifukwa ndimakudziwani. Ndinkati mukamva mupha munthu."

Wopala moto uja anali atafika, chikuni chikufuka m'manja. Anaima, nayang'ana uku ndi uku, kenako anachiika pansi pang'onopang'ono n'kuchikwirira ndi dothi. Kumbuyo kwa khamu anthu anayamba kuchepa. Amene ankakankhana kuti afike kutsogolo tsopano anakumbukira mtedza wawo. Mpini unagwa m'manja mwa Goliati.

Rhoda anagwada. Febe ankapuma, koma mokoka, ndipo pamwamba pa khutu magazi ankatuluka mosalekeza. Rhoda anayang'ana chomangira, naona kansalu kake kali m'fumbi. Anakakung'untha, nakakanikiza pabalapo. Kanali kofewa, kochapidwa kawirikawiri, ndipo kanakwana bwino m'dzanja.

"Bambo a Thandiwe, mangani ng'ombe."

Obadiya, mlomo uli chotupa, anathamanga ngati mnyamata. Sanafunse munthu chilolezo. Anabweretsa ngolo pabwalo, ndipo iye ndi amayi awiri a chigwirizano anamukweza Febe, namugoneka pa mapesi, mutu uli pamiyendo pa Rhoda. Goliati anavula jekete lake, nayandikira atayang'ana kumbali, kuti amufunditse mlongo wake.

"Musandifunditse. Ndafunda kokwanira. Ngati muli ndi manja ofuna ntchito, tsogolani mukachotse miyala yanu."

Ngolo siingadzere kanjira ka kudambo. Njira yopita kuchipatala cha pafupi inali imodzi, yomwe ija anyamata anaitseka, ndipo anaitseka mwaluso, malo angapo, ndi miyala yoti anthu atatu agwirizane ponyamula. Anyamatawo tsopano panalibe ndi mmodzi yemwe. Goliati anathamanga patsogolo pa ng'ombe yekha. Pa mulu woyamba anagubuduza miyala ndi zipika mpaka zikhadabo zinatuluka magazi, ngolo inadutsa. Pa mulu wachiwiri anachita chimodzimodzi, akulira mokweza ngati ng'ombe, osapukuta misozi. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu anaima m'makomo kuonerera mayi wa bere limodzi atakhala m'ngolo chifuwa chili pamtunda, ndipo Rhoda sanaweramitse mutu.

Kansalu kanali katanyowa kale, magazi akudontha pakati pa zala zake. Fungo la petulo linkamuotcha m'maso. Funso lake lija, limene linamudya miyezi yonseyi, linali litachoka mumtima, moti Febe atatsegula diso limodzi n'kuyamba kugwedeza milomo, Rhoda anati, "Musalankhule, anesi. Tatsala pang'ono kufika."

Sanali pafupi. Ngolo inali itaima pa mulu wachitatu, waukulu kuposa yonse, pa kamlatho, pamene Goliati mwiniwake anagwetserapo mtengo wa bulugamu masiku apitawo. Tsopano anali ataukumbatira, akuukoka, mapazi akuterereka m'fumbi.

Febe anakoka mpweya. Rhoda anaweramira pafupi.

"Mayi... m'mafupa muja."

"Zisiyeni zimenezo."

"Mulibe. Sanapezemo kanthu." Anakokanso mpweya. Mbali imodzi ya pakamwa pake inayesa kukwera. "Ndimafuna ndidzaone... mukuvina."

Rhoda anali ataganizira mawu amenewa masiku osawerengeka, m'chigafa, kutchalitchi, pamphasa. Ankati akadzawamva adzathamanga mudzi wonse akululutira. Tsopano anawamva, ndipo analowa mwa iye ngati mpeni. Analira kulira kumene sanalire tsiku lomudula bere, akugwedeza mutu wa Febe pamiyendo pake, akuti pepani, pepani mwana wa eni, ndinakuuzani ndine kuti muvule yunifolomu.

Kutsogolo mtengo unagubuduka n'kugwera m'ngalande. Goliati anaimirira, manja ali magazi okhaokha, nakuwa ndi mawu osasa.

"Njira yatseguka! Alamu, menyani ng'ombe! Tiyeni!"

Obadiya anali atatembenuka pampando wake, akuyang'ana m'ngolo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chikwapu pansi, navula chipewa.

"Alamu, ndati njira yatseguka!"

Rhoda anachotsa dzanja pa kansalu kaja, pakuti panalibenso chokanikiza, natseka diso la Febe ndi chala. Anakweza mutu nayang'ana mlongo wake ali pakati pa msewu woyera.

"Ndapola, achimwene," anatero. "Anabwera kudzandiuza zimenezo."